Funsani Wojambula: Phiri la Kasungu, minibasi ndi anthu a pamsewu

Moni nonse owerenga. Mwezi uno ndasankha makalata a anthu amene amajambula ali pa ulendo, osati ulendo wokaona malo ayi, koma womwewu wa tsiku ndi tsiku, wopita kuntchito, kusukulu kapena kumsika. Inenso ndine mmodzi wa iwo. Ndimakhala chakufupi ndi Chinkhoma, ndipo m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu ndimakwera minibasi kapena Sienta kupita pa boma pa Kasungu pamene pali kasitudiyo kanga. Ntchitoyi ndinaiyamba m'zaka za m'ma 1990, nthawi ya filimu ya zithunzi 36, imene tinkaitumiza ku Lilongwe kukatsukitsa n'kudikira sabata yathunthu mtima uli m'mwamba. Msewu wa M1 umenewu ndauyenda pa mvula ndi pa dzuwa, ndipo zambiri zimene ndiyankhe pano ndinaziphunzirira pawindo la galimoto.

FUNSO: Achimwene, ine ndine mphunzitsi ndipo ndimapalasa njinga m'mawa uliwonse kupita kusukulu ina kufupi ndi tauni. Phiri la Kasungu limakhala patsogolo panga njira yonse, lalikulu, lokongola moti nthawi zina ndimatsika panjinga n'kumangoliyang'ana. Koma ndikatulutsa foni n'kujambula, limatuluka ngati chulu cha m'munda. Kodi foni yangayi ndi yachabechabe? — Mphunzitsi, Kasungu

YANKHO: Aphunzitsi, foni yanuyo musaiimbe mlandu. Kamera ya foni anaipanga kuti izitenga malo aakulu nthawi imodzi, kuti banja lonse likwane m'chithunzi ngakhale muli m'kachipinda kopanikiza. Ndiye mukailozetsa kuphiri imatola zonse: thambo, msewu, minda, mawaya a magetsi, phirilo n'kungotsala ndi kamalo kochepa pakati. Maso anu sachita choncho. Inu mukayang'ana phiri, mtima umasankha phirilo n'kuiwala zina zonse. Kamera siisankha, kusankhako muyenera kuichitira ndinu.

Phiri likakhala lokhalokha m'chithunzi silidziwika kukula kwake. Limafuna chinthu chimene aliyense amadziwa msinkhu wake, kaya munthu, ngolo, chigafa cha fodya kapena mtengo wa mango. Koma apa ndi pamene ambiri amaphonya. Amaimika mnzawo pafupi, mapazi atatu okha kuchokera pa kamera, mnzawoyo n'kudzaza chithunzi chonse, phiri n'kumasuzumira kuseri kwa khutu lake. Inu bwererani m'mbuyo mapazi 30 kapena 50. Mukamabwerera, munthu uja amachepa msanga chifukwa anali pafupi, koma phiri silisintha kwenikweni popeza lili makilomita angapo uko, mapazi 50 kwa ilo si kanthu. Mukajambula muli pamenepo, kenako n'kudula m'mbali mwa chithunzi, mudzapeza munthu wamng'ono phiri litamuimirira kumbuyo, ndendende mmene mumalionera muli panjinga.

Ngati foni yanu ili ndi makamera angapo kumbuyo ndipo ina ndi ya 2x kapena 3x, yoyandikitsa zinthu kawiri kapena katatu, gwiritsani ntchito imeneyo. Koma zoom yokoka ndi zala ija, pa mafoni ambiri amene tili nawowa, siikuyandikitsani kuphiri. Imangodula chithunzi n'kuchifufumitsa, mapeto ake miyala imaoneka ngati phala. Bola kujambula bwinobwino n'kukadula nokha madzulo mutakhala pamkeka, pamene mungasankhe podula modekha. Komanso musamaike malire a dziko ndi thambo pakati penipeni nthawi zonse. Kukakhala mitambo yabwino, ipatseni malo ambiri. Kukakhala mbee, tsitsani kamera kuti msewu ndi minda zidzaze chithunzi, phiri likhale chakumtunda.

Muli ndi mwayi umodzi waukulu, woti mumadutsa m'mawa. Phirili lili chakumadzulo kwa tauni, ndiye dzuwa likamatuluka limaliwomba mbali imene ife a m'tauni timaiona, kuwala kukubwera chopendekeka, mwala uliwonse ndi chigwembe chilichonse zili ndi mthunzi wake. Chithunzi cha phirili chimene ndimachikonda koposa ndinachijambula nthawi ngati imeneyo, mwezi wa Juni. Ndinatsika minibasi tisanalowe m'tauni, kuzizira kochita kuumitsa zala. M'tsinde mwa phiri munali nkhungu yopyapyala itayala ngati chitenje, pamwamba dzuwa litangoyamba kufiiritsa miyala. Ndinasankha poima, ndinaona pamene kanjira kakutulukira pamtunda, n'kuyamba kudikira munthu. Anadutsa amayi atatu osenza nkhuni, koma dzuwa linali lisanafike pakanjirapo, anali bii. Inadutsa lole, fumbi kobo, ndinadikira kuti likhazikike. Patatha mwina mphindi 20 anatulukira wakabaza wina amene ndimadziwana naye, atanyamula kamtsikana ka pulayimale pa khushoni, kavala juzi yaikulu ya mayi ake, chikwama katachikumbatira pachifuwa, nthunzi ikutuluka m'kamwa mwa wopalasayo. Ndinajambula kamodzi kokha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mawa nyamukani kunyumba mphindi 20 nthawi yanu isanakwane, aphunzitsi, mukazithere poima pamodzi.

FUNSO: Bambo wojambula, mu Okutobala ndinabwera ku Kasungu kudzaona agogo. Ndinajambula phiri masana, koma zithunzi zonse zinatuluka zotuwa ngati ndathira ufa pa kamera. Ndinapukuta koma sizinasinthe. Chinalakwika n'chiyani? — Mtsikana wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mwana wanga, ufa umene ukunenawo sunali pa kamera, unali mumlengalenga. Kuyambira cha mu Ogasiti mpaka mvula yoyamba, mpweya wa kuno umadzaza utsi ndi fumbi. Tchire likupsa, alimi akusosa ndi kutentha mapesi, anyamata osaka mbewa ayatsa moto, misewu ya fumbi yauma gwa. Chinthu chapafupi umachiona bwino, koma pakati pa iwe ndi phiri pali mpweya wa makilomita angapo, ndipo utsi wonsewo umasanjikizana n'kuliphimba. Pamwamba pa apo unajambula masana. Mu Okutobala dzuwa la masana limakhala paliwombo penipeni, mithunzi imabisala pansi pa zinthu, ndiye phiri limaoneka losalala ngati khoma lozira.

Ukafuna phiri looneka mwala uliwonse, bwera tsiku lotsatira mvula. Ngakhale chizimalupsa chenichenichi chimatsuka mlengalenga kwa tsiku limodzi kapena awiri. Koma kwa ine miyezi yabwino koposa ndi Epulo ndi Meyi. Mvula yakata, msipu ukadali wobiriwira, moto sunayambe, chimanga chili m'mikukwe, ndipo pamsewu pamadutsa malole a mabelo a fodya opita ku okushoni ku Chinkhoma. Uzidziwanso nthawi ya dzuwa: mu Juni limatuluka itangopitirira 6 koloko n'kulowa cha m'ma 5:30, pamene mu Novembala ikamangopitirira 5 koloko latuluka kale. Ola loyamba ndi ola lomaliza la dzuwa ndi amene amakonda mapiri.

Komabe usataye mtima ndi Okutobala, ali ndi zakezake. Utsi womwewo umachititsa kuti dzuwa likamalowa lifiire psuu ngati nsima ya mawere ili pamoto, ndipo phiri limasanduka chimthunzi chakuda kutsogolo kwake. Ima mbali ya tauni, dina pa sikirini pamene pali thambo, kenako tsitsa kuwala ndi chala mpaka kufiirako kuonekere. Anthu oweruka kuntchito, njinga zawo ndi akatundu a pamutu zidzatuluka zakuda bii koma zodziwika bwino maonekedwe ake. Kupukuta kamera usasiye ayi. Foni imakhala m'thumba ndi m'manja a mafuta a mandasi, ndiye kansalu kofewa kaziyenda nawe.

FUNSO: Akulu, ndimagwira ntchito ku Lilongwe koma banja lili ku Kasungu, ndiye Lachisanu lililonse ndili pamsewu. Ndimayesa kujambula ndili m'minibasi koma mitengo imatuluka yofufutika, mapolo a magetsi opendekeka ngati akugwa, nthawi zina nkhope yanga yomwe imaoneka pagalasi. Pali nzeru yake? — Bambo wa ana atatu, Kasungu

YANKHO: Ilipo, bambo, ndipo imayambira pa depoti posankha mpando. Lamulo lake n'lakuti dzuwa likhale kumsana kwanu. Msewu wa Lilongwe–Kasungu, mtunda wa makilomita pafupifupi 130, umalunjika kumpoto. Mukanyamuka m'mawa dzuwa lili kumanja, ndiye khalani mbali ya chitseko. Inu mumanyamuka Lachisanu masana, dzuwa litapendekera kumadzulo, choncho mbali ya dalaivala ndi imene ingakupatseni minda ndi mapiri owala bwino. Ine ndimalowera kumpoto m'mawa n'kubwerera kummwera madzulo, ndiye mbali ya chitseko imandikomera maulendo onse awiri, komanso ndi mbali imene kumakhala ogulitsa malonda popeza kuno timayenda kumanzere.

Kufufutika kumabwera chifukwa zinthu zapafupi zimathamanga kwambiri pamaso pa kamera kuposa zakutali. Udzu wa m'mbali mwa msewu umangoti zii kudutsa, pamene phiri limachita ngati likukuperekezani. Ndiye musalozetse kamera cham'mbali penipeni, ilozetseni chakutsogolo pang'ono, ndipo dikirani pamalo poyera popanda mitengo yapafupi. Ngati kamera ya foni yanu ili ndi gawo lolembedwa Pro, ikani shutter, nthawi imene kamera imatenga potola chithunzi, pa 1/1000 ya sekondi, masana kuwala kumakwana. Mkono usatsamire chitsulo cha galimoto chifukwa kunjenjemera kwa injini kumalowa m'foni. Zigongono zikhale pamimba panu, thupi lizimeza mabampu.

Mapolo opendekekawo musadabwe nawo. Kamera ya foni siitenga chithunzi chonse nthawi imodzi, imawerenga mzere ndi mzere mofulumira kwambiri. Pamene ikufika mzere womaliza, polo lija lasuntha kale, ndiye limatuluka lopendama. Mankhwala ake ndi omwe aja, kujambula zakutali kapena kudikira galimoto ichepetse liwiro. Nkhope yanu pagalasi imachoka mukatsegula windo. Likakhala losatseguka, yandikitsani kamera pafupi kwambiri ndi galasi, dzanja linalo mutchinge m'mbali, ndipo flash ikhale yozimitsa. Koma dzanja kunja kwa windo galimoto ikuyenda, chonde musayerekeze. Malole amadutsana nafe pafupi kwambiri pamsewu umenewu.

Ndikuuzeni zoona, zithunzi zabwino za m'minibasi sindinazipeze ikuthamanga. Ndimazipeza ikaima pa siteji, pa Mponela, pa Madisi, pa Chinkhoma. Yang'anani manja. Dzanja la mnyamata likulowetsa chimanga chootcha pawindo atachikulunga m'khoko lake. Zala za kondakitala, ndalama zamapepala atazipinda chamlitali n'kuzipanikiza pakati pa chala ndi chala ngati nthenga. Mayi akumasula mfundo ya pakona ya chitenje kuti atulutse ya thiransipoti. Nkhuku yomangidwa miyendo ikusuzumira pansi pa mpando. Pa siteji pomwepo foni muigwire zolimba ndi manja awiri, chifukwa pali ena amene maso awo amakhala pa mawindo otsegula.

FUNSO: Amalume, ndimakonda kujambula anthu pa depoti ndi pamsika kuno, akabaza, amayi a tomato, oitanira. Sabata yatha mayi wina anandikalipira kwambiri, akuti ndikufuna kukamugulitsa kwa azungu. Anzanga akuti pamsewu m'pa aliyense, palibe chopempha. Zoona zake n'ziti? — Mnyamata wa ku Santhe

YANKHO: Mphwanga, funso lako ndi limene landikhudza kwambiri mwa onse, ndipo ndiyamba ndi zimene ndinachita ine.

Zaka zambiri zapitazo, ndikadali pa filimu, ndinaona mayi wina wogulitsa nthochi pafupi ndi depoti atagona tulo chokhala, mutu atautsamiritsa pa beseni, mwana ali kumbuyo nayenso ali m'tulo. Kuwala kwa madzulo kunali kutawagwera bwino kwambiri. Ndinajambula mwakachetechete n'kumapita. Chithunzicho chinatuluka chokongola moti ndinachikulitsa n'kuchipachika pawindo la situdiyo kuti odutsa aziona ntchito yanga. Patatha masabata awiri mayi uja anabwera. Sanakalipe ngati wakoyo. Anaima pakhomo, anandipatsa moni mwaulemu, kenako anandifotokozera kuti tsiku limenelo anachokera kuchipatala kumene anachezera usiku wonse ndi mwana wodwalayo, ndipo anapita pamalonda chifukwa kunyumba kunalibe ufa. Tsono chiyambire pamene chithunzicho chinapachikidwa, anzake pamsika ankamunena kuti ndi mayi wogona pamalonda, ndipo mawuwo anali atafika kwa apongozi ake. Ndinachitsitsa pomwepo, ndinamupatsa pamodzi ndi negativu yake, kafilimu kotsukira chithunzicho, ndinapepesa. Koma mawu amene anali atayenda kale m'mudzi sindikanatha kuwabweza. Mpaka lero ndikadutsa pamalo paja mtima umandiwawa. Ndipo kumbukira kuti limenelo linali windo limodzi lokha m'tauni imodzi. Lero ukaika pa Facebook, dzuwa lisanalowe achibale ake a ku Mzuzu ndi ku Johannesburg achiona.

Anzakowo akunena mbali imodzi yokha. N'zoona kuti ukajambula msewu wonse uli chapatali, khamu la anthu, minibasi, phiri kumbuyo, sungapemphe munthu aliyense, ndipo palibe amene angakudandaule. Koma nkhope ya munthu mmodzi ikakhala mwini chithunzi, nkhani yasintha. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, pa gawo 21, amapatsa munthu aliyense ufulu woti za moyo wake zisalowereredwe. Palinso lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, limene limaletsa kuzunza kapena kunyazitsa munthu kudzera pa intaneti. Koma ine sindikufuna kuti uzipempha chifukwa choopa khoti. Iwe si mlendo wodutsa amene mawa akwera ndege. Mayi amene wamujambula lero, mawa mukhala mpando umodzi m'minibasi ya ku Santhe, mwinanso ndi iye adzakugwirire katundu ukamatsika.

Mmene ndimachitira ine ndi motere. Foni imayamba yakhala m'thumba. Ndimapereka moni, ndimafunsa za malonda, nthawi zambiri ndimagulako kenakake, mulu wa tomato kapena kapu ya thobwa. Kenako ndimanena chimene ndaona: mayi, mwasanja bwino tomato wanu, ndingajambuleko? Ndimanenanso kumene chithunzicho chipite, ngati n'chongosunga kapena ndikaika pa intaneti. Akavomera ndimawauza kuti apitirize ntchito yawo, ndipo ndimadikira mpaka aiwale za ine, chifukwa poyamba aliyense amauma ngati akujambulitsa chiphaso. Ndikatha ndimawaonetsa pa sikirini. Akakana ndimathokoza n'kumapita, osanyinyirika, osaba chithunzi ndili pakona. Wakabaza ukamuimitsa, umulipire ngati wamukwera, chifukwa mphindi zimenezo akanapeza kasitomala. Ndipo ngati ungathe, tsukitsa chimodzi ukawapatse. Alipo amayi pamsika wa Kasungu amene ndinawapatsa zithunzi zawo kalekale, lero ndi iwo amandikodola kuti bwerani mujambule mdzukulu.

Pali zina zimene ine sindijambula ngakhale mpata utapezeka. Ngozi ya pamsewu, anthu ali magazi okhaokha: foni imeneyo imbira thandizo, mbale wa munthu asamve za imfa kudzera pa gulu la WhatsApp. Maliro akamadutsa, tsika panjinga, vula chipewa, foni m'thumba. Ana a eni, pempha kwa makolo. Pa rodibuloko ndi malo a asilikali, siya. Ndipo ukakumana ndi Gule Wamkulu panjira, monga zimachitikira kuno kwathu nthawi ya chilimwe, patuka upereke ulemu. Bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, la UNESCO, linauzindikira gule ameneyu mu 2005 kuti ndi chuma cha dziko lonse lapansi, koma zimenezo sizinachotse eni ake. Ukafuna kujambula, pita pabwalo tsiku la mwambo, upemphe kwa amfumu ndi akuluakulu, adzakuuza poima ndi zoyenera kujambula.

Mayi anakukalipirayo upite ukamuone. Usatenge foni m'manja. Ukapepese, ndipo ngati chithunzicho ukadali nacho, ukachifufute iye akuona.

FUNSO: Ndinatumizira mchemwali wanga chithunzi cha phiri pa WhatsApp kuti akatsukitse chachikulu cha pakhoma. Foni yanga inagwera m'madzi, ndiye chatsala n'chokhacho. Ku situdiyo akuti chikakula chiphwanyika. Akundinamiza? — Mayi wa ku Mtunthama

YANKHO: Pepani mayi, sakukunamizani. WhatsApp imafinya zithunzi kuti zisadye bandulo yambiri. Foni ya ma megapixel 12 imajambula chithunzi cha timadontho 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi, chimene chimatsukika bwino kwambiri mpaka masentimita 34 kwa 25, ngakhale kuposerapo ngati n'chapakhoma choonera patali. Chikadutsa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimatsala ndi timadontho pafupifupi 1,600 m'litali, tokwanira kachithunzi ka mu alubamu basi. Chimene chatsalacho tsukitsani chaching'ono, muchiike mu felemu yokhala ndi malire otambalala, chidzaoneka bwino ndithu. Ngati foni yonyowayo inali ndi memori khadi, itulutseni muiyese m'foni ina, kawirikawiri khadi imapulumuka ngakhale foni itafa.

Ulendo wina, chithunzi chofunika muzichitumiza ngati Document, chimafika chathunthu. Batani la HD limene anawonjezera mu 2023 limathandiza, koma nalonso limafinyako. Ndipo chithunzi chimene chili pamalo amodzi okha muzichiyesa chobwereka. Akaunti ya Google imapereka malo aulere a 15 GB, ndiye mukagula bandulo yausiku kapena mukapeza Wi-Fi, kwezani zimene mumazikonda. Ine mwezi uliwonse ndimasankha zisanu n'kuzitsuka papepala. Zithunzi za ukwati zimene ndinajambula m'ma 1990 anthu akadali nazo m'masutikesi, pamene za m'mafoni a zaka zisanu zapitazo ambiri sadziwa kumene zinapita.

FUNSO: Ndasunga kandalama nditagulitsa soya. Ndigule kamera yeniyeni? — Mlimi wa ku Chamama

YANKHO: Ngati mukufuna kuyamba bizinesi ya maukwati ndi zinkhoswe, kapena kujambula nyama zakutali, gulani, ngakhale yakale yogwiritsidwapo kale ntchito, bola muiyese bwino ndipo muonetsetse kuti batire ndi tchaja yake zimapezeka. Koma ngati n'zojambula za pa ulendo wanu wa ku boma, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kamera yaikulu imatsala kunyumba chifukwa cholemera ndi kuopa fumbi, komanso anthu amauma akaiona. Foni muli nayo kale m'thumba. Gulani power bank, yotsalayo ipite ku feteleza.

FUNSO: Bambo, ndili Fomu 4 ndipo ndimafuna kudzakhala wojambula. Koma anzanga amati ku Kasungu kulibe chojambula, n'kwafulati, kuli kaphiri kamodzi, ojambula enieni amapita ku Mulanje ndi ku Nyika. Ine ndalama yopitira kumeneko ndilibe. Nditani? — Wophunzira, Kasungu

YANKHO: Mwana wanga, Mulanje ndi phiri ndithu, nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo tsiku lina udzapiteko. Koma anthu amene analijambula ndi ochuluka, ena ndi makamera a mtengo wa galimoto. Depoti ya Kasungu 6 koloko m'mawa waijambulapo ndani? Kufulatiko ndi kumene kumapatsa phiri lathu ulemu. Limaima lokha pachidikha, ndiye munthu wochokera ku Lilongwe akangoliona patali amayamba kusonkhanitsa katundu wake, wadziwa kuti wafika. Ndipo boma lino si tauni yokhayi. Kumadzulo, kumalire ndi Zambia, kuli nkhalango ya Kasungu National Park imene inakhazikitsidwa mu 1970, kuli damu la Lifupa, ndipo mu 2022 anabweretsako njovu 263 kuchokera ku Liwonde. Kummawa kuli Mtunthama kumene kuli Kamuzu Academy, yotsegulidwa mu 1981. Kuli Bua nthawi ya dzinja atadzaza, kuli zigafa za fodya masamba atapachikidwa m'mizere kuwala kukulowa m'mipata.

Koma chimene ndikufuna umve n'china. Pamene ndinkayamba, pamsewu uno pankayenda mabasi a Stagecoach, kenako a Shire Bus Lines. Anthu ankagona pa depoti kudikira basi ya m'mawa, katundu ankakwezedwa padenga, njinga, matumba a chimanga, mipando. Ndinkaziona tsiku lililonse kamera ili pakhosi, koma filimu ndinkaisungira maukwati, poganiza kuti basi ndi basi, idzakhalapo mpaka kale. Lero ndilibe chithunzi ngakhale chimodzi cha mabasi amenewo, ndipo ana anga akandifunsa ndimangofotokoza ndi manja. Kabaza wa njinga yopalasa amene ukumuona ngati wamba leroyu, njinga zamoto zayamba kale kumulanda malo.

Ndiye ndikupatse ntchito. Sankha malo amodzi panjira yako ya kusukulu pamene msewu ndi phiri zimaonekera pamodzi. Ika chizindikiro, kaya mwala kaya chitsa, kuti phazi lizipondanso pomwepo. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse, nthawi yofanana, jambula chithunzi chimodzi kamera italoza komweko, ndipo m'kope ulembe tsiku, nthawi ndi zimene zinadutsa. Mu Januwale chimanga chidzabisa tsinde la phiri, mu Meyi padzadutsa mabelo, mu Julayi anthu adzafunda zitenje, mu Okutobala phiri lidzazimirira mu utsi, mu Disembala ana adzanyamula mabeseni a mango. Zikakwana 12 ubwere nazo ku situdiyo pamodzi ndi kope lija, ndidzakutsukira ulere, ndipo tidzaziyala patebulo motsatana kuti tione pamene uyenera kukonza chaka chachiwiri.